Mitsempha ya Kumanzere

"Aa, bambo, mwabwerera? Mudatithawatu chaka chija, bedi la opaleshoni titayala kale!"

Dokotala ananena akuseka, uku akuvala magolovesi. Mkazi amene anakhala pambali pa bamboyo anacheukira mwamuna wakeyo. Mwamuna anayang'ana nsapato zake, ngati ndizo zafunsidwa.

"Chaka chiti, adokotala?"

"Sadakuuzeni, mayi?" Dokotala anamulozera chithunzi cha pakhoma. "Mitsempha iyi imachotsa magazi kumachende kupita nawo kumtunda. M'kati mwake muli tizitseko toletsa magazi kubwerera. Kwa bambowa, tizitseko ta kumanzere tidatopa. Magazi amangodikha, mitsempha n'kutupa ngati nyongolotsi m'thumba. Kukatentha choncho, mbewu zimafooka. Timangomanga yotupayo, magazi amadzera ina. Ndidawafotokozera kalekale."

Kalekale! Mkaziyo akumwa mizu yowawa pofuna mwana mpaka lilime kuchita dzanzi. Iye akugonekedwa pamabedi ozizira a zipatala, miyendo m'mwamba ngati nkhuku yososola, abambo ali panja atamugwirira kachikwama, nkhope yachisoni ngati ya pamaliro.

"Ndinkaopa mpeni, mkazi wanga," ananong'ona mwamunayo.

"Hoo. Mpeni."

Anadzuka, anakonza diresi lake bwinobwino, n'kutsegula chitseko. Pabenchi panali apongozi ake, amene anawaperekeza kuti adzadzimvere okha kuti mkazi wa mwana wawo ngwouma.

"Amayi, lowani, khalani pampando wangawu. Adokotala, tayambiraninso. Koma mokweza, makutu awo ngokalamba."