Mbale Zoyera Kale

Masiku amenewo ukwati sunkamangidwa otomeranawo asanalangizidwe ndi makina. Ankhoswe anangotsala ndi ntchito yoperekeza. Makina a kuboma anali a anthu olemera. A pamudzi, oikidwa m'kachipinda kuseri kwa chigayo, ankalangiza ulere, bola kholo limodzi liyambe lawafotokozera za banja lake kuti aphunzirepo.

Nasimango anapitako chifukwa cha mwana wake Ndaziona. Makinawo atamufunsa chomwe chinasunga banja lake, ananena zoona, poganiza kuti mawu ake asakanikirana ndi a anthu ena n'kukalangiza ana a eni.

Loweruka Ndaziona anabwerako kuchilangizo ndi bwenzi lake Lonjezo, akuseka.

"Amayi, makina aja ngoseketsa," anatero Ndaziona. "Akuti Lonjezo akayamba kukalipa ndisamuyankhe. Ndizitenga mbale, ngakhale zoyera kale, n'kukazitsuka kuseri mpaka mtima wake utatsika."

"Ine malangizowo andisangalatsa, amayi," anatero Lonjezo.

Nasimango, yemwe ankasenda mbatata, anaika mpeni pansi. Mawuwo anali ake enieni, ndipo ndi iye yemwe anakawasiya kuchigayo. Anafuna kuuza mwana wake kuti kuseriko munthu amakalambira komweko, koma bambo a Ndaziona anali pakhonde pomwepo akukonza wailesi.

Ndaziona anayang'ana pathandala, pomwe mbale zinkang'anima padzuwa ngati masiku onse, ndipo kuseka kunamuthera.

"Amayi," anafunsa motsitsa mawu, "kodi mbale izi tadyeramo liti?"