Kamtengo Kamene Kanamira

Panali munthu wina ku Montana, dzina lake Wendell Haugen. Bambo ake, a Orrin, anali chigonere, madokotala atanena kuti kwatsala masiku owerengeka. Mmawa wina mu Meyi bambowo anamupatsa nyambo yomaliza yowedzera nsomba imene anamanga okha, ya nthenga za tambala, yofanana ndi tizilombo timene timaswa mumtsinje chisanu chikatha. Anati akufuna kuona chithunzi cha nsomba ya trauti itailuma.

Wendell akunyamuka kupita kumtsinje, mlongo wake Marlys anamulondola mpaka pagalimoto. Anamukumbutsa kuti kwatentha masiku atatu, chipale chikusungunuka kumapiri, ndipo madzi ake amafika kumunsi masana.

"Achimwene, mukazike kamtengo m'mphepete mwa madzi monga amachitira ababa. Kakayamba kumira, mutuluke. Mutu wanu woumawu ndimaudziwa."

Wendell anaolokera pachilumba china cha pakati pa mtsinje madzi akulekeza m'mawondo. Kamtengo anazikadi. Mmawa wonse sanaone nsomba ndi imodzi yomwe. Cha m'ma 2 koloko tizilombo tinayamba kutuluka, nsomba n'kumadya pamwamba ponseponse. Atacheuka anaona kamtengo katamira theka. Anadziuza kuti aponyenso mbedza kamodzi kokha. Anaponya kakhumi. Kenako trauti inaluma. Anaijambula nyambo ili pakamwa, n'kuibwezera m'madzi.

Kamtengo sikanaonekenso.

Anayesa kuoloka katatu. Madzi anali atafiira, akufika pachifuwa, ndipo katatu konseko anamugwetsa. Foni inalira. Anali Marlys.

"Ababa akukufunsani. Mpweya wayamba kuwavuta."

Wendell anapempha Marlys kuti awaike bambowo foniyo pakhutu, koma inaduka. Anayesa kutumiza chithunzi, chinakana. Anakwera mwala wautali, foni ili m'mwamba, kuyesa mobwerezabwereza mpaka inazima. Anakuwa mpaka mawu anasasa. Tizilombo tija tinkangomutera pamalaya.

Anthu ena amene anali pa bwato anamutenga dzuwa litapendeka. Kunyumba anapeza Marlys atakhala pakhonde, chitseko chili chotsekula. Wendell anadziwa pomwepo kuti bambo ake amwalira. Anangonena kuti nsomba ija waigwira, chithunzi chili mufoni.

"Za nsomba sanatchulenso," anatero Marlys. "Amangofunsa ngati galimoto yafika."

Phunziro: Chizindikiro chimene wadziikira wekha uzichimvera, "kamodzi kokha" kalibe malire. Ndipo wodwala akakupempha kanthu, kawirikawiri chimene akufuna ndi iweyo. Tumizirani nkhaniyi wina amene ali kutali ndi kwawo lero, aoloke madzi akadali m'mawondo.