Zaka za Fanizo

Mpira unali m'chigawo chachiwiri, koma maso a Fanizo sanali pa mpirawo. Anali pa bambo wa chipewa chofiira amene anakhala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa golo, akuloza uyu ndi uyo n'kumanong'oneza mnzake.

Mbiri inali itawanda m'Ndamera monse kuti kukubwera munthu wodzasankha anyamata. Palibe anafunsa kumene mbiriyo inachokera. Wanjala safunsa kuti waphika ndani.

Fanizo anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, mkazi ndi mwana woyamwa. Madzi osefukira anali atakokolola munda ndi mbuzi zomwe, ndipo banja lake linkagonabe m'tenti, kudya kamodzi patsiku. Chimene mtsinje unamusiyira ndi miyendo basi. Ankaopa kwambiri kukalambira pa bwalo lafumbi limeneli ngati Sebastiano, kochi wawo, amene kale ankagwedeza Nsanje yonse koma lero amawotcha chimanga pamsika.

Sebastiano yemweyo ndiye anamupatsa nzeru. Anati matimu a ku Blantyre safuna madoda, amafuna ana oti akawaumbe okha, ndipo wosewera wochenjera aliyense zaka zina amazisiya kunyumba. Choncho m'mawa Fanizo anapala ndevu ndi lezala mpaka chibwano kuchucha magazi, n'kuuza mkazi wake Emelia kuti asayerekeze kufika kubwalo ndi mwana kumbuyo. Emelia anangopitiriza kukupiza mwanayo ndi nsalu.

Dzuwa la kuchigwa silinyengerera munthu. Anzake anayamba kugwira m'mawondo, ena kupempha madzi, koma Fanizo anathamangabe wopanda nsapato, kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale anali ndi njala. Chigoli sanamwetse. Komabe wezulo yomaliza italira, chala cha bambo uja chinaloza iye.

Anapita ndi chimwemwe, m'maganizo ali kale m'basi ya ku Blantyre. Bamboyo anamugwira mapewa, n'kumutembenuza zikhatho, akugwedeza mutu mokhutira.

"Iwe ndi amene ndimafuna, mphale. Sutopa. Pogona palipo, chakudya chilipo, malipiro mwezi ndi mwezi. Una pyaka pingasi?" anafunsa zaka zake m'Chisena.

"Sikisitini, bwana," anatero Fanizo ndi kamawu kaching'ono kamene anayeserera njira yonse.

Bamboyo anausa moyo n'kumusiya dzanja.

"Pepa, mwanawe. Ku esiteti anatiletsa kulemba ana ntchito yodula nzimbe."

Anakweza chala n'kuitana wina.