Nsomba za Chikomeni

Magetsi atazima ku Nakoli madzulo aja, Eness anapita kukagula nsomba za m'firiji, poti zikayamba kusungunuka amatsitsa mtengo. Pobwerera, munthu wina anamulandira pulasitiki mofatsa.

"Ba sisi, letani nikunyamulileni."

Anali mawu a Chikomeni, mlongo wake wamng'ono, amene anapita kukagwira ntchito pa sitima ya asodzi zaka zitatu zapitazo. Pa foni yomaliza anati abwana awalanda mapasipoti, ndipo sitimayo imaba nsomba itazimitsa nyali, osakocheza padoko.

"Iwe mwana, wabwera liti? Osatuma ndi foni komwe?"

"Sibanali kutilola, ba sisi."

Anayenda kumbali ya magalimoto kuti amutchinjirize, monga ankachitira kale. Ankanunkha mchere. Mapazi ake ankamveka ngati akuponda m'madzi, chonsecho mvula inali isanagwe chiyambire Epulo.

Pageti anamubwezera pulasitiki ija. Zala zake zinali zozizira kuposa nsombazo.

"Izi musadye," anatero. "Bananigoneka nazo mu firiji imodzi."

Eness anamasula chitenje msangamsanga kuti amufunditse mwana wa mayi ake. Chitenjecho chinagwera pansi, nkuyamba kunyowa.