Chipewa cha Bwana wa Siteshoni

Sitima inachedwa. Ikanafika pa nthawi yake, amake mapasa akanakweza ana, zikwama ndi apongozi awo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma chimkuzamawu chinalengeza kuti odikira angathe kulowa m'chipinda cha zinthu zakale kwaulere, ndipo mapasa atangomva, liwiro.

Siteshoniyi anali atangoikonza kumene. Makoma penti waa, wotchi yaikulu ikuyendanso, mabenchi amatabwa akuwala ngati awadzoza mafuta. Alendo ankajambula chilichonse, ndi mpope wa madzi womwe. Amake mapasa analibe nazo ntchito. Mapazi anali atatupa, thumba la zovala likudula phewa, ndipo m'khutu munkangolira mawu a mkulu wawo, amene anawachenjeza pafoni: "Ukafika kumeneko usakalowe muja. Bambo awapachika pakhoma."

Bambo awo anagwira ntchito pasiteshoni yomweyi mpaka kukalamba. Yosesa. Koma pokwatiwa, bambowo atamwalira kale, iwo anauza akuchimuna kuti ankagwira muofesi. Nanga akanatani? Banja limene ankalowalo linali ndi chipewa. Malemu apongozi aamuna ankatchedwa bwana wa siteshoni, ndipo chipewa chawo chinkakhala pamsomali pabalaza, pansi pa chithunzi: bambo wa jekete, khutu lakumanzere lodukira nsonga, chipewa chitamira mpaka m'nsidze. Apongozi aakazi ankachipukuta ndi kansalu kakekake. Mwana akachikhudza, mbama. Mlendo asanamwe ndi madzi omwe ankamva kale za bwana, mmene akaimba wezulo siteshoni yonse inkangoti zii, ndi mmene chitseko cha sitima chinawadulira khutu populumutsa mwana wa eni.

"Kwathu sitinagwirepo tsache la munthu," ankamaliza choncho, maso ali pa amake mapasa.

Ndiye lero bwanji?

Analowa akukoka mapazi. Chithunzi chimene mkulu wawo ankanena sichinali chofunafuna. Chinadzaza khoma lonse: antchito onse a masiku amenewo ali pamzere, pakati pawo munthu wachipewa atakhala pampando. Wapampandoyo sanataye naye nthawi, nkhope ya bwana ankakumana nayo tsiku ndi tsiku kunyumba. Maso awo anathamangira kumapeto kwa mzere, kumanzere.

Ndi awo. Opanda nsapato, kabudula wachigamba, tsache kudzanja, akuseka ngati awapatsa ufumu. Chipumi chija, mpata wa m'mano uja, zonse zimene amake mapasa ankaziona pagalasi m'mawa uliwonse. Ngakhale wamaso ofooka akanaloza n'kunena kuti uyu ndi mwana wa uyu.

Anapita kukaima pomwepo, msana kukhoma, thumba la zovala atalitambasula m'mbali. Munthu wamkulu, wobereka, kubisa bambo ake kumsana ngati nkhuku yakuba! Manyazi anali awiri, ndipo sankadziwa aakulu ndi ati.

Mapasa anali kutsidya, akulimbirana kuliza belu lakale. Bola.

Apongozi analowa pomaliza, akutsamira ambulera. Anayang'ana chithunzi chija kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Kenako anayenda, mofulumira kuposa mmene mawondo awo amalolera, n'kukaima kumapeto enawo, chikwama chili pachifuwa.

"Anthu ena alibe manyazi," anatero, osayang'ana munthu. "Zinthu ngati izi n'zopachika pagulu?"

Basi, awaona. Amake mapasa ankadziwa mmene zidzayendere. Pano sanena. Adzasunga, n'kudzazitulutsa pabalaza pali alendo, pansi pa chipewa, mwamuna wawo ali pomwepo.

Panafika mnyamata ndi chibwenzi chake, foni m'mwamba.

"Amayi, tasunthani pang'ono tijambule."

"Ndatopa ine. Jambulani pamene mukuonapo."

"Nanga agogo uko?"

"Miyendo, mwanawe," anayankha apongozi. "Udzaiona ukadzakula."

Achinyamatawo anachoka akung'ung'udza. M'chipindamo munatsala awiriwo, wina uku wina uko, ngati alonda a pageti.

"Amake mapasa, tsogolani ndi ana. Muno mukununkha penti."

"Ayi amayi, akulu atsogole."

"Ndati tsogolani."

"Ndikupumako kaye."

"Mwapuma mokwanira."

Akufuna awaonetsetse, anaganiza amake mapasa. Akufuna awerenge ndi zigamba zomwe.

Kunja sitima inalira. Mapasa anataya chingwe cha belu n'kuthamangira kukhomo, kumene kuli njanji. Apa panalibenso zoganiza. Mayi sasankha pakati pa chithunzi ndi mwana. Anachoka pakhoma paja, nagwira mmodzi pakolala, winayo pamkono, ndipo bambo awo anatsala poyera ndi tsache lawo, akuseka. Aone, anatero mumtima. Anandilera ndi tsache lomwelo. Koma mutu sanaudzutse.

"Amayi, tiyeni. Itisiya."

Apongozi sanasunthe.

"Amayi, sitima!"

Mmodzi wa mapasa anapulumuka m'manja, nathamangira agogo ake, n'kuwatsomphola ambulera kuti afulumire. Agogowo anadzandira, nawerama kuti agwire benchi.

Kumbuyo kwawo, kumapeto kwa mzere, kunaima bambo wopanda nsapato atanyamula ndowa ziwiri za kuchimbudzi, khutu lakumanzere lodukira nsonga. Amake mapasa anatembenuzira maso pampando wapakati. Chipewa chija chinali pamutu pa munthu amene sanamuonepo chibadwire.