Makilogalamu Makumi Awiri a Imelda

"Imwa onse," Evelesi ananong'oneza, akukankhira botolo pakamwa pa mwana wake.

Imelda anameza movutikira. Kamimba kake kanali katatupa kale ngati ka chule, koma mawu a mayi sakanidwa. Kutsogolo kwawo mzere wa ana a sukulu ya mishoni unkasendera pang'onopang'ono kumtengo wa bwemba. Pa nthambi yake pankalendewera sikelo, ndipo kumbedza ya sikeloyo anakolekako chiguduli chokhalamo mwana.

Chinali chaka cha 1922, chimene mvula inawakana anthu a kwa Ndamera. Mapira anapserera asanabereke. Mabanja ankangodalira nyika, timizu tokumba m'dambo pakati pa ng'ona. Kenaka kunamveka kuti wansembe wa Chifalansa wa pamishonipo walandira chimanga, koma chochepa, chosakwanira ana onse. Ati ayambe wawayeza kaye. Nanga asankha bwanji? Aphunzitsi a Geresomo pakamwa anamatapo phula.

Evelesi sankasowa womuuza. Sikelo ankaidziwa kuposa aliyense pamzerepo. Anakulira kutsidya, kwa Apwitikizi, kumene mtanga wa msonkho ukapepuka mwini wake ankatambasula manja n'kulandira mbalamatodya, thabwa lija lotupitsa zikhato. Malemu mwamuna wake analowa m'manda ndi zipsera zake. Sikelo ya mzungu siikonda chopepuka. Ndipo ndani angataye chimanga pa mwana amene imfa yamulozera kale chala? Adyetsa olimba, oti angapulumuke.

Maso akenso ankamuuza zomwezo.

"Makilogalamu makumi awiri ndi atatu!" a Geresomo anafuula akumwetulira. "Lowa m'kalasi."

Wotsatira anali kamtsikana ka miyendo ngati bango. Aphunzitsi anayang'ana kamuvi ka sikelo, nkhope n'kugwa.

"Khumi ndi asanu ndi awiri. Pita kuseri kwa tchalitchi."

Kuseri kwa tchalitchi n'kumene kunkadutsa njira yobwerera kumudzi. Manda analinso komweko. Kautsi kankafuka kumeneko, mwina wina ankatentha zinyalala, Evelesi analibe nazo ntchito. Iye ankangotchera khutu, ndipo posakhalitsa malire anawagwira: wofika makumi awiri amalowa m'kalasi, woperewera amam'bisa kuseri.

Imelda anali wa makilogalamu khumi ndi asanu ndi anayi. Anabwera nayo yekha nkhaniyo tsiku limene anayezana m'kalasi pophunzira miyeso. Mwanayu zakusukulu sizinkamukhalira m'kamwa. Ankayeza khomo ndi chingwe cha mita imodzi, ankawerengera malita a mumtsuko, mpaka tsiku lina anati, "Amayi, mukudziwa kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi?" Evelesi anaseka nthawi imeneyo, n'kumufunsa ngati kilogalamuyo amadyera ndiwo yanji. Lero sankasekanso. Botolo limene anabwera nalo linali la vinyo wa Chipwitikizi, la lita imodzi ndendende. Ndipo m'chiuno mwa Imelda, pansi pa nsalu, anamangiriramo khasu lakutha la bambo ake, lopanda mpini.

"Amayi, likundicheka," mwana anadandaula.

"Pirira."

"Aphunzitsi amati sikelo sainamiza."

"Nkhabe kulonga! Khala chete! Aphunzitsi akowo anagonapo ndi njala?"

M'maso mwa Imelda misozi inali lengelenge. Evelesi zinamuwawa, koma anayang'ana kumbali. Ana awiri anawakwirira kale kutsidya. Uyu yekha ndiye anatsala, ndipo sakanalola kamuvi kachitsulo kumulanda.

Mzere unatha msanga kuposa mmene ankafunira. A Geresomo anakodola. Imelda anayenda mopanikiza miyendo, dzanja lili m'chiuno, madzi akumveka kukhuchumuka m'mimba. Bwanji akasanza? Bwanji khasu likagwa pamaso pa anthu onsewa? Evelesi anamunyamula yekha n'kumukhazika m'chiguduli, kuopa kuti manja a aphunzitsi angakhudze chitsulo.

Nthambi inawerama. Kamuvi kanathamanga, kanadutsa khumi, kanadutsa khumi ndi asanu, kenaka kanayamba ulesi. Khumi ndi asanu ndi anayi. Kananjenjemera pamenepo ngati kakuganiza.

Kanasuntha. Kanakhudza makumi awiri, n'kupitirira pang'ono.

A Geresomo sanafuule. Anagogoda sikelo ndi chala, kamuvi osabwerera. Anayang'ana timikono ta mwanayo, nthiti zowerengeka pamwamba pa nsalu, n'kuyang'ananso sikelo.

"Zodabwitsa," anatero. "Kuoneka kwake sikugwirizana ndi kulemera kwake. Tatsika, ndikuyezenso."

"Ndi mafupa, aphunzitsi," Evelesi analowerera msanga. "Mtundu wathu ngwa mafupa olemera. Bambo ake anali choncho, owonda koma osanyamulika."

Aphunzitsi anazengereza. Kumbuyo kunali kudakali ana ambiri, ndipo dzuwa la kuchigwa linali litayamba kuluma. Anapukusa mutu.

"Chabwino, sikelo sinama. Makumi awiri ndi theka! Lowa m'kalasi."

Evelesi anagwada pafumbi pomwepo akuomba m'manja, chimwemwe chikumutulutsa misozi.

"Takhuta, aphunzitsi! Takhuta!" anathokoza m'chilankhulo chakwawo.

"Muthokozedi Mulungu, mayi," a Geresomo anayankha, akukodola mwana wina. "Wanuyu ngolimba, apirira mpaka masika. Chimanga chachepa, ndiye phala lili kuseriko n'la okhawo osakwana makumi awiri."

Pakhomo la kalasi Imelda anatembenuka, dzanja likadali pa khasu. Mphepo inatembenukanso, n'kubweretsa kautsi kaja, kakununkhira phala.