Gawo la Mayi Wothawa

"Wotsatira alowe," anatero wopanga filimu, osadzutsa mutu.

Mayi wina analowa. Wopanga filimu wandevuyu anali mwana wake, amene anamusiya akukwawa. Makomo ena onse anali atakanika. Njira yomufikira inatsala imodzi: kudzayesedwa nawo pa gawo la mayi wothawa ana mufilimu yake.

"Nyamulani chikwamacho. Ine ndikhala mwana wanu. Ndikati 'Amayi, musapite,' inu muzingotuluka."

Mayiyo ananyamula chikwama.

"Amayi, musapite."

Chikwama chinagwa. Mayiyo anagwada pasimenti, namugwira miyendo akulira. "Sindipitanso, mwana wanga. Ndikhululukire. Ndine..."

"Basi, basi, dzukani." Anamupatsa kansalu kopukutira misozi. "Luso muli nalo, mayi, koma gawoli silikukuyenerani. Mayi anga ine ndimamva kuti sanacheuke n'komwe. Wotsatira alowe."